Mmene Tinagulira Masitolo a ku Kabwata Ali pa Chikole

Ana anga, mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndagwira cholembera. Sukulu yanga inathera kumudzi ku Katete, ndipo mpaka lero ndikaima pagulu lilime limandilemera. Inu munaphunzira kundiposa, zolakwika muzipeza zambiri. Koma Tisa wandifunsa kangapo chifukwa chimene tinasamukira m'nyumba yathu ya ku Chelstone n'kukagona kuseri kwa sitolo ku Kabwata iye ali ku sekondale, ndipo nthawi zonse ndinkangoti zinali za ntchito. Tsopano ndapuma, ndiye ndiyese kufotokoza bwino.

1981

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Heavy Industrial Area, pa kampani ina yosunga ndi kugawa katundu wa m'masitolo. Ndinali kalaliki wa pachipata: lole ikalowa ndinkalemba, ikatuluka ndinkalembanso. Kapitawo wathu anali Bambo Mweemba, munthu wamtali wa ku Monze amene sankaseka pa ntchito. Sabata yoyamba yomweyo anandiitana nati, "Phiri, ndakuona. Vuto lako umavomera usanamve funso." Ine ndinati, "Inde, bwana," iwo n'kungopukusa mutu. Zaka zimenezo sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkasowa m'tauni monse, ndipo aliyense wodziwa kumene ndinkagwira ntchito anasanduka m'bale wanga. Kuba ndinkaopa, kukana ndinkaopanso. Choncho ndinkagawa kagawo kamene kampani inkatigulitsa ife antchito, amayi anu n'kumachapa matewera a Misozi ndi madzi okhaokha. Pambuyo pake ananditumiza ku Lilayi kukayang'anira shedi imene nthawi zambiri inkakhala yopanda kanthu. Ndinkaitsegula m'mawa, kuisesa, n'kuitseka madzulo, osafunsa chifukwa. Kampaniyo itatsekedwa mu 1998 anatigulitsa nyumba ya ku Chelstone imene tinkakhalamo, mtengo wake n'kudula pa ndalama zanga zopumira. Zotsalazo ndinakaziika kubanki ndipo sindinazikhudze.

1999

Amene ananditola anali Che Saidi, telala wa pafupi ndi msika wa Kabwata. Makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo anali Msilamu wosunga chipembedzo chake popanda phokoso. Ankasoka mayunifolomu a sukulu ndi maovolosi, ndipo ankafuna munthu wokagula nsalu ku Kamwala, kuperekera katundu ndi kuyang'anira sitolo Lachisanu iwo akapita kumzikiti. Lamulungu anali asanandigwiritsepo ntchito. Nyumba ya masitolo imene tinkachitamo lendi inali ya zitseko zitatu: chathu, cha mnyamata wometa, ndi cha mayi wina wogulitsa penti ndi misomali. Kuseri kunali chipinda chosungiramo nsalu ndi kabwalo kokhala ndi mpopi. Mwini wake anali ba Chanda, Mubemba wa ku Woodlands, wamimba yaikulu ndi mawu aakulu. Monga mukudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya, timanyozana mwanthabwala ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Ba Chanda akabwera kudzatenga lendi ankayambira pakhomo ndi moni wa Chibemba: "Shani, mbuya? Lelo wadya mbeba zingati?" Ine ndinkangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Che Saidi ankati, "Ayankheni, a Phiri, ndi ufulu wanu umenewo." Sindinkatha. Kunyoza munthu wamkulu, ngakhale mwamwambo, pakamwa panga pankauma.

2011

Tsiku lina ba Chanda analowa osanyoza aliyense. Anakhala pa belo la nsalu, chipewa chili m'manja. "Ba Saidi, vinthu vavuta," anatero. "Ninatenga nkongole kubanki kugula mabasi, ninaika iyi nyumba. Mabasi yonse yanafa. Manje banki ifuna kugulisa. Gulani imwe, osati ibwele kutengewa na munthu wamene azakupitikisani." Che Saidi anaimitsa makina. Makasitomala awo onse ankadziwa chitseko chimenecho, ndipo kuchoka kunali ngati kuyamba moyo pachiyambi. Banki ikanatha kuwakongoza, koma chipembedzo chawo sichilola ngongole ya chiwongoladzanja, ndipo sanafune n'kukambirana komwe. Ine nditakafunsa, anandiuza kuti munthu wopanda kalata ya malipiro a pamwezi samukongoza. Ndalama zogula nyumba yonse nthawi imodzi palibe anali nazo.

Njira anatipezera ndi Mayi Zulu, loya amene tinkapemphera nawo kutchalitchi cha Reformed. Anati ngongole isiyidwe m'dzina la ba Chanda monga inalili, ndipo chikalata cha umwini chikhalebe kubanki pa chikole. Ife tigwirizane nawo mtengo wa nyumba umodzi wosasintha. Gawo loyamba tipereke nthawi yomweyo kuti litseke miyezi imene iwo analephera, banki ileke zogulitsa. Zotsalazo tizilipira mwezi ndi mwezi, koma osati m'manja mwa ba Chanda: tizikaziika tokha kubanki pa ngongole yawoyo, pamodzi ndi lendi ya wometa ndi ya mayi wa penti. Ngongole ikadzatha, chikalata chidzatuluke n'kulembedwa maina athu. Che Saidi anakhutira chifukwa iwo anali kugula nyumba pamtengo wodziwika, ndipo za chiwongoladzanja zinali pakati pa ba Chanda ndi banki. Gawo loyambalo anasonkhanitsa kuchokera pa zimene anasunga ndi pa chilimba cha matelala anzawo, chija chosonkha ndalama n'kumalandira mosinthana, chimene anapempha kuti alandire iwo poyamba. Zinapereweratu. Ndi pamene anandiyang'ana nati, "A Phiri, ndalama zanu zija za kukampani..." Ine ndinati inde asanamalize. Tinagwirizana kuti zitseko ziwiri ndi chipinda cha kuseri zidzakhala zawo, chitseko cha penti chidzakhala changa. Amayi anu ndinawauza madzulo ake. Anandiyang'ana nati, "Mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandiuza?"

Tisanasaine, Mayi Zulu anavula magalasi n'kutichenjeza. "Mvetsetsani, akuluakulu. Patsogolo pali banki, inu muli pambuyo. Mukadumphitsa miyezi, idzagulitsa nyumba osakufunsani, ndipo pepala langali lidzangokupatsani mphamvu yothamangitsa ba Chanda amene alibe kanthu. Chachiwiri, munthu amafa. Zikadzatero mudzakhala mukukambirana ndi abale." Ba Chanda anaseka nati Mubemba safa asanadye ndalama za wa kum'mawa. Onse anaseka. Ine ndinasaina, ndipo kuyambira tsiku limenelo mantha anakhala nane ngati chifuwa chosapola. Wopita kubanki mwezi uliwonse ndinali ine. Ndinkakwera minibasi ya ku Cairo Road ndalama nditazimangira m'kati mwa malaya, chigongono chili pamenepo, ndipo kondakitala akangondigunda mtima unkadumpha. Ndikamva kuti ba Chanda ali ndi chimfine ndinkawapempherera kuposa mmene ndinkapempherera abale anga. Mulungu andikhululukire, koma zinali choncho.

2015

Chaka chimenechi magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, moti Che Saidi anatulutsa makina akale opalasa ndi phazi. Kwacha inagwa, nsalu inakwera. Nditapita kubanki, mtsikana wa pawindo anayang'ana pa kompyuta nati, "Atate, izi sizikwana. Chiwongoladzanja chinakwela." Ndinamupempha abwereze. Anandilembera pa kapepala ndalama yoperewera mwezi uliwonse, ndipo inali pafupifupi theka la malipiro anga. Ndinapita nako ku Woodlands. Ndinapeza ba Chanda atagona pampando, mwendo utatupa ndi matenda a shuga, galimoto atagulitsa kale. "Mbuya, ona weka," anatero. "Ungafinye chani apa?" Ndinabwerera kwa Che Saidi. Anawerenga kapepalako n'kukaika patebulo lodulira nsalu ngati kakutentha. "A Phiri, mtengo tinagwirizana. Ichi chowonjezerachi si mtengo wa nyumba, ndi chija ndinachikana poyamba. Dzanja langa silingapite pamenepo." Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti tikapanda kulipira titaya zonse, zawo ndi zanga. Anati akudziwa, ndipo maso awo anafiira, koma sanasinthe. Sindinawaone ngati munthu woipa. Ndinkawadziwa kuti angataye nyumba koma osati lamulo la chipembedzo chawo.

Patapita masiku anandiitana kuseri. "Ndaganiza," anatero. "Chipinda ichi ndi bwaloli zili m'gawo langa. Ndingakugulitseni. Kumeneko ndi kugulitsa, palibe choletsa. Mtengo wake musandipatse ine, muzikaupereka kumene mukudziwa." Ndinamvetsa. Koma ndalama zake ndikanazitenga kuti? Chinthu chokha chimene ndinali nacho chinali nyumba ya ku Chelstone. Tikaichititsa lendi ife n'kusamukira m'chipindacho, lendiyo ikanatseka dzenje la kubanki. Ndinayenda ndi maganizo amenewa sabata yathunthu osawatulutsa. Ndinawauza amayi anu Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, pamsewu, poganiza kuti pagulu sangakweze mawu. Sanakweze. Anati, "Bambo a Misozi, mwaopa kukhumudwitsa amuna anzanu awiri, ndiye mwasankha kukhumudwitsa ine." Ndinati tikakana, ndalama zonse za zaka zanga za kukampani zipita ndi banki. Anayenda mpaka pachipata chathu, n'kuima pansi pa mtengo wa mapeyala umene anabzala okha. "Olowawo muwauze asadule mtengo wanga," anatero. Umo ndi mmene munapezekera ku Kabwata, Tisa ukuwerengera mayeso pa tebulo lodulira nsalu, Mabvuto ukabwera ku holide n'kumagona pansi pa makina. Mkazi wa Che Saidi ankatitumizira mpunga Lachisanu lililonse, ndipo amayi anu ankabweza mbale ili ndi chiwawa, ndiwo ija ya masamba a maungu. Za chipindacho sanadandaulenso pamaso panga, koma ndinkawamva akuusa moyo akamatunga madzi pampopi wa pabwalo.

2017

Ba Chanda anamwalira m'nyengo yozizira, ngongole isanathe. Tinapita ku Woodlands kukakhuza, ndipo mkazi wawo, bana Mwila, anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti abale a mwamuna afika kuchokera ku Kasama ndipo ayamba kale kufunsa makiyi a zinthu. Tsiku loti mawa lake ndi loika maliro, kunafika galimoto pasitolo. Munatuluka mkulu wake wa malemu, ba Mwamba, munthu woonda wa suti yakuda amene ndinali ndisanamuonepo. Anali ndi maloko atsopano. Anakhoma zitseko zonse zitatu, wometa akali ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi. Che Saidi anatulutsa pepala la Mayi Zulu, koma ba Mwamba sanalilandire. "Ivo vamapepa mukakambe kukhoti. Iyi nyumba ni ya mufana wanga. Kuyambila lelo lendi ibwela kuli ine." Ine ndinali chiimire pambali, ndipo atandiyang'ana ndinapezeka ndanena kuti, "Zikomo, bwana." Mayi Zulu pafoni anati mlandu tikhoza kuwina, koma ukhoza kutenga zaka, ndipo banki siidikira khoti. Masitolo ali otseka, lendi palibe, kusoka palibe. Miyezi yowerengeka yokha, nyumba ikanagulitsidwa.

Chipinda chathu cha kuseri sanachione, ndiye tinali momwemo. Ndinakhala pabedi. Amayi anu ankapeta ufa, ndipo anathira wina m'kapulasitiki n'kumanga. Nditafunsa anati, "Mawa tikupita kumaliro a Mubemba. Ife ndife ambuya. Pamaliro mbuya amanena chilichonse, ndipo wamaliro sakwiya." Ndinati zimenezo ndi za azimayi ndi anthu olimba pakamwa, ine sindinayankhepo ngakhale nthabwala imodzi ya malemu. "Ndikudziwa," anatero. "Koma amene wakhala akupita kubanki ndinu. Ndikanena ine ati ndi miseche ya mkazi. Che Saidi sangachite, kwawo kulibe chimbuya ndi anthu amenewa. Mwatsala inu."

Titabwerako kumanda anthu anadzaza pabwalo la ku Woodlands, amuna pansi pa tenti, akazi m'mbali mwa nyumba. Azimayi a kum'mawa anali atayamba kale ntchito yawo. Ankapaka abale a malemu ufa kumaso, kuwalanda nsapato, kuwauza kuti malemu wathawa ngongole ya kachasu, ndipo aliyense wopakidwa ankadziwombola poponya kandalama m'mbale. Anthu ankaseka misozi ili m'maso, monga zimakhalira. Ba Mwamba okha palibe anali atawayandikira. Anakhala kutsogolo pampando wa khushoni, mwendo pa unzake. Amayi anu anandiika mbale ya ufa m'manja n'kundikankha pamsana. Mtunda wochoka pamene ndinali kufika pampandowo unali waufupi, koma ufa unkatayikira pa nsapato zanga. Nditafika ndinagwada, chifukwa thupi langa silidziwa njira ina yofikira munthu wamkulu. Wina kumbuyo anaseka nati, "Onani mbuya wogwada." Ndinatapa ufa n'kuwathira pamutu. Unatsikira pa magalasi ndi pa suti yakuda ija.

Mawu amene ndinakonza m'minibasi onse anathawa. Amene anatuluka anali aang'ono, moti ena anati ndikweze. Ndinati, "Inu Abemba, tinkadziwa kuti mumaba mbuzi. Sitinkadziwa kuti mumaba ndi ngongole zomwe." Mayi wina wokalamba wa kubanja la malemu anaseka mokweza, ndipo ena anatsatira. Ndinapitiriza maso ali pansi. "Nyumba mwakhoma dzulo ija ili pa chikole kubanki. Amene takhala tikulipira ndife, ine ndi telala uja. Tsopano poti maloko ndi anu, mwezi uno mukalipira ndinu. Zikomo, mwatipumitsa. Ndidzakuperekezani ku Cairo Road, windo lake ndikulidziwa." Ba Mwamba anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndipo ndinadikira khofi. Koma anthu a kwawo onse anali kuwayang'ana, ndipo mwambo anali kuudziwa kundiposa. Anatembenukira kwa wamasiye. "Bana Mwila, ni zoona ivi akamba uyu wakudya mbeba?" Bana Mwila anayankha ali pamphasa kuti ndi zoona, ndipo kuti pakanapanda anthu a ku Kabwata, banki ikanabwera kudzafunsanso za nyumba yomwe anakhalamoyo. Ba Mwamba anapisa m'thumba natulutsa ndalama yapepala kuti adziwombole. Amayi anu, amene anali atafika kumbuyo kwanga, anabweza dzanja lawolo. "Iyayi, ambuya, imeneyo mukagulire nyama ya kolwe, anyani aja mumadya inu Abemba. M'mbale muno mugwe makiyi." Anthu anaombera m'manja. Ba Mwamba anapisanso m'thumba, kenaka makiyi atatu anagwera mu ufa. "Koma nifuna kuonana na uyo loya wanu," anatero. Ndinati inde, bwana, ndipo wometa uja anabwera kudzandidzutsa pamene ndinagwadapo.

Musaganize kuti zinathera pamenepo. Masitolo tinatsegula madzulo omwewo, koma ba Mwamba anapita kubanki okha kukafunsa, anapitanso kwa Mayi Zulu kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anabwera ndi loya wawo. Khoti linasankha iwo ndi bana Mwila kuti ayang'anire chuma cha malemu, kutanthauza kuti popanda dzanja lawo chikalata sichikanasintha dzina. Banki nayo, itamva za imfa, inatiitana, ndipo Mayi Zulu anachita kuichonderera kuti ngongole ipitirire monga kale poti malipiro sanadumphepo. Miyezi yonseyo galimoto ikaima kutsogolo kwa sitolo ndinkasiya chimene ndagwira. Ba Mwamba akaimba foni ankayamba ndi, "Iwe mbuya, suti yanga sunachape," ndipo sindinkadziwa ngati akuseka kapena akundikumbutsa kuti sanaiwale.

2019

Ngongole tinaimaliza kumayambiriro kwa chaka. Ba Mwamba anatsika ndi basi kuchokera ku Kasama, ndipo mu ofesi ya Mayi Zulu anagwira cholembera n'kuyamba kufunsa za mvula ya ku Katete, za mtengo wa nsalu, za ana anga mmodzimmodzi. Atatopa kundizunza anasaina. Kenaka mapepala anapita ku ofesi ya za malo, kumene anakhalako masabata ambiri, ndipo ine ndinkalota atasochera. Tsiku lina masana Mayi Zulu anafika okha ku Kabwata ndi envulopu yaikulu. Che Saidi anasuntha nsalu patebulo, nasamba m'manja asanaigwire. Anawerenga ndi chala mpaka pamene panali dzina lawo, n'kunditembenuzira pepalalo kuti ndione langa. Ndinaliwerenga, ndinapempha kuliwerenganso, kenaka ndinapita kuseri kukaitana amayi anu. Ndinawapeza akuchapa pampopi. Sanabwere msanga. Anamaliza kutsukuluza, anayanika, anapukuta manja pachitenje, ndipo atalowa anafunsa Mayi Zulu funso limodzi lokha, ngati panali munthu wina aliyense pansi pano amene akanathanso kubwera ndi loko. Mayi Zulu anati palibe. Linali Lachinayi, pa 14 Malichi 2019.